Mama Kayuni, Amene Ankatilanda Zolembera

Uthenga wa imfa ya Mama Kayuni unandipeza atagona kale m'manda sabata ziwiri. Anandiimbira foni ndi mnzanga amene tinkaphunzira naye za chitukuko cha m'midzi kukoleji, kalekale tili atsikana. Anangoti, "Nkhalamba yako ija ya ku Karonga yatisiya." Ndinakhala pansi n'kulira ndithu. Koma ndisaname, pansi pa misoziyo panali chinanso. Ndinapuma mpweya wautali ngati munthu amene galimoto yamuphonya pang'ono, chifukwa ndikamva dzina lawo ndimakumbukira kuti pakanapanda iwowa, ine ndikanamangitsa mayi wosalakwa ndi dzanja langali.

Sanali mphunzitsi wa pakoleji ayi. Anali mlangizi wa magulu a m'midzi ku Karonga, kwawo ku Ngara. Koleji yathu inkatumiza ophunzira anayi kapena asanu chaka ndi chaka kuti akagwire ntchito miyezi itatu ndi makomiti a zitsime, makalabu a alimi a mpunga ndiponso magulu a amayi. Tisanaponde m'mudzi uliwonse tinkayamba tadutsa m'manja mwawo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ija munthu sunkalowa ngakhale mumsika wopanda khadi, ndipo mawu olankhulidwa mosasamala ankatha kumusowetsa munthu pakhomo pake.

Anali aafupi, akuda bii, oyenda mwamsanga ngati basi ikuwasiya, ambulera yakuda ili m'manja kaya kuli dzuwa kaya mvula. Tsiku lofika, tisanapukute n'komwe thukuta la ulendo, anayala chitenje pathebulo n'kutiuza kuti tiikepo makope ndi zolembera zonse. Anamanga kamtolo n'kukatsekera m'kabati. Mnyamata wina wa ku Mulanje anafunsa kuti nanga malipoti tizilemba bwanji. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Sono iwe, wafika lero lomwe, ukufuna kulemba vichi? Wamva kale chiyani?"

Zolemberazo tinkadzazionanso patatha sabata ziwiri. Iwo ankati munthu wogwira cholembera samva, amangodikira mawu okwana pamzere. Ankatinso anthu akaona cholembera amayankha cholemberacho osati mwini wake, ndipo masiku amenewo anthu anali ndi chifukwa chochiopera.

Mayina athu sankavutika nawo. Aliyense ankamutchula ndi boma la kwawo, choncho ine ndinali Dedza kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene ndinawaona komaliza, ndili kale ndi imvi. Sabata ziwiri zoyambazo zinkathera pa zinthu zimene ife tinkaziona ngati zachabechabe. Tinkaphunzira kupereka moni wa Chinkhonde, "mwaghona," mpaka lilime lifewe, ndi kuthokoza kuti "ndagha" kawiri katatu monga amachitira eni ake. Galimoto ya boma ankaiimitsa kutali ndi mudzi kuti tilowe wapansi, ati munthu wobwera ndi fumbi la galimoto amaoneka ngati wabwera kudzatenga wina. Tikafika, funso loyamba linali lakuti kwagwa maliro kuti posachedwapa, ndipo kumeneko ndiye tinkayambira. Chilichonse chimene atipatsa tinkayenera kudya. Ine chambiko, mkaka wowawasa uja, chinkandibwerera pakhosi, koma Mama ankandiyang'anitsitsa mpaka kapu ithe. Mbalagha yokha, nthochi zophika ndi nyama, sinafune wondikakamiza.

Mawu akuti "tabwera kudzakuphunzitsani" anali oletsedwa. Mnyamata wa ku Mulanje uja anawatulutsa tsiku lina pamaso pa kalabu ya alimi a mpunga. Mama sanamudzudzule. Anangopempha alimiwo kuti amubwereke khasu ndi munthu mmodzi womuonetsa kukonza mzere wa madzi. Pofika masana anali matope mpaka m'makutu, mzere uli wokhota, alimi akugwira nthiti. Madzulo ake anamufunsa mwaulemu kwambiri kuti phunziro lake linayenda bwanji.

Kukoleji aphunzitsi ankakonda kutikumbutsa kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mama mwambi umenewu ankadana nawo. Ankati kalumo kakuthwa, kakakhala m'manja mwa munthu wosadziwa mutu umene akumeta, kamadula khutu. Pa nkhani yomweyi anakangana ndi mphunzitsi wathu wina amene anabwera kudzatiyendera n'kutipeza tikusinja mpunga pakhomo la munthu, makope ali m'kabati. Bamboyo anakalipa kuti boma silinatitumize kudzakhala antchito a m'midzi. Mama anamusiya mpaka mpweya umuthere, kenaka anamuuza kuti ngati akufuna malipoti odzaza angathe kumulembera khumi tsiku lomwelo, onse abodza, ndipo asankhe yekha. Anabwerera kumwera atakwiya, n'kukalemba kuti mlangizi wa ku Karonga ndi wovuta. Sananame.

Analidi ovuta. Kuyamikira munthu sankakudziwa. Ukalakwa ankakumbukira zaka makumi awiri, ukachita bwino ankangoti "basi" n'kuyamba nkhani ina. Chingerezi chawo cholemba chinali chopunduka, ndipo ankadziwa, n'chifukwa chake ankapsa mtima msanga wina akawakonza. Nthawi sankasunga, poti munthu aliyense wokumana naye panjira ankamupatsa moni wathunthu, mpaka kufunsa za ng'ombe. Nditapita kukawaona atapuma ntchito, ndinawauza monyadira kuti nanenso tsopano ndimaphunzitsa ophunzira za kugwira ntchito ndi magulu a m'midzi. Ndinkayembekeza kamawu kabwino. Anangoti, "Dedza, iwe? Mulungu ngwachisomo chomene."

Panali lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutitopetsa. Ankati usaitane msonkhano usanadziwe kuti ndani anakwatira mwana wa yani. Ine lamulo limeneli linkandinyansa. Ndinali mtsikana wokhoza bwino m'kalasi, wodzimva, wofulumira pakamwa. Tsiku lina ndinawayankha pamaso pa anzanga kuti ife sitinabwere kudzaphunzira miseche ya maukwati a anthu. Anzanga anangoyang'anizana. Mawa lake pogawa midzi Mama anandipatsa Iponga, ndipo anandibwezera cholembera changa mochita kuchedwa kuchisiya, ngati munthu wobwereketsa mpeni kwa mwana.

Ku Iponga kunali magulu awiri osamalira chitsime chimodzi. Komiti ya abambo ndiyo inkakumba ndi kukonza pakagumuka, ndipo mkulu wake anali a Mwakisulu, nkhalamba yaitali, yofatsa, ya ng'ombe zambiri. Gulu la amayi linkasesa, kutchinga mpanda kuti ziweto zisafike pamadzi, ndi kugawa nthawi zotunga. Mtsogoleri wake anali Tumpale, mayi wosakwana zaka makumi atatu, wolankhula mosapsatira. Chitsimecho chinali chaukhondo kuposa zonse zimene ndinaona m'bomalo. Ntchito yanga inali yothandiza magulu awiriwa kukonza zoti chimangidwe ndi simenti.

Chinandidabwitsa n'chakuti atsogoleri awiriwa sankakhala pamsonkhano umodzi. Abambo ankakumana paokha, amayi paokha, ndipo mawu ankadutsira mwa gogo wina, mlongo wawo wa a Mwakisulu. Sindinafunse chifukwa chake. Safunsa anadya phula, koma ine ndinali ndi yankho langa kale la m'buku: pano pali kusagwirizana, ndipo ine ndiye ndabwera kudzakuthetsa.

Sabata imeneyo Mama anapita ku maliro a mbale wawo ku Ngara. Ponyamuka anandiuza kuti ndizingopereka moni ndi kutunga madzi ndi amayi mpaka abwere. Atangokhota, ndinapita kwa tcheyamani wa nthambi ya chipani kukapempha chilolezo cha msonkhano, poti popanda iye anthu sankasonkhana. Dzina lake sindilitchula, ana ake alipo. Ndinamufotokozera kuti ndikufuna a Mwakisulu ndi Tumpale akhale pathebulo limodzi. Anandiyang'ana kanthawi, n'kumwetulira, n'kunena kuti ndi maganizo abwino kwambiri. Ndinauza amayi paokha, abambo paokha, osaulula kuti enawo abweranso. Ndinkafuna Mama akamabwera apeze ntchito ya mwezi itatha tsiku limodzi.

Linali Lachitatu masana, m'kalasi ya pasukulu ya m'mudzimo, chipinda cha khomo limodzi. Amayi anafika poyamba. Tumpale ndinamukhazika pampando kutsogolo, moyang'ana kukhomo, pafupi ndi tcheyamani. Kenaka kunja kunamveka mawu a abambo, ndipo a Mwakisulu anatulukira pakhomo, chipewa chili m'manja. Anaima chilili ngati aponda minga. Tumpale anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu, anatembenukira kukhoma, anayang'ana uku ndi uku. Khomo linali lotsekedwa ndi nkhalambayo. Anakwera padesiki n'kulumphira panja pawindo. A Mwakisulu anabwerera chafutambuyo atagwira kumaso. Amayi onse anadzuka n'kutuluka mothithikana, abambo anabalalika, ndipo posakhalitsa m'kalasimo tinatsala awiri, ine ndi tcheyamani. Kuseri kwa sukulu wina ankaseka.

Chimene sindinkadziwa, chimene mwana aliyense wa ku Iponga ankachidziwa, n'chakuti Tumpale anali mkamwana wa a Mwakisulu, mkazi wa mwana wawo woyamba. Kwathu ku Dedza timadziwa za mkamwini kupatukira apongozi ake aakazi panjira. Kwa Ankhonde cholemera kwambiri ndi cha mkamwana ndi apongozi ake aamuna. Saonana maso, sakhala chipinda chimodzi, ngakhale dzina lawo mkamwana salitchula. Mabanja ena anali atafewetsako mwambowu, koma osati la a Mwakisulu. Anthu awiriwa anali atayendetsa chitsime zaka zambiri mogwirizana bwino, osaonana ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo ine ndinawachititsa manyazi onse awiri pamaso pa mudzi.

Koma tsiku limenelo ndinkangodziwa manyazi anga okha. Mawa lake ndinakhala pansi n'kulemba lipoti, kaboni ali pansi pa pepala kuti lipotilo lituluke pawiri, monga ankatiphunzitsira. Chiganizo chimodzi ndimachikumbukira mpaka lero: "Mtsogoleri wa amayi anathawa msonkhano wa chitukuko pamaso pa mkulu wa chipani, ndipo anakokera amayi onse kunja." Inki isanaume, tcheyamani anafika kudzandipepesa. Anati wamva chisoni kuona mwana wophunzira akunyozedwa chonchi, ndipo anapempha pepala la pansilo kuti akathandize kukonza zinthu. Ndinamupatsa ndi manja awiri, ndikumuthokoza.

Iye mwambowo ankaudziwa kuposa wina aliyense. Chimene ankafuna chinali china. Nthawi yokolola, Tumpale anali atakana kutulutsa amayi m'minda masiku atatu kuti akayeserere magule a chipani, ati mbalame sizidikira munthu kuti amalize kuvina. Tcheyamani anasunga mawu amenewo. Kumuneneza yekha sakanatha, mudzi ukanamudya. Koma tsopano anali ndi umboni wolembedwa ndi mlendo wa boma, wopanda mbale m'mudzimo.

Mama anabwera Lachisanu. Ndinawapatsa lipotilo kuti asayine, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni. Anawerenga ataimirira. Anawerenganso atakhala pansi. Kenaka anatembenuza pepalalo n'kuona kuda kwa kaboni kumbuyo kwake.

"Linzake lili kuti?"

Nditawauza, anatseka maso. Atatsegula maso anandifotokozera za ubale wa anthu awiriwo, mwachidule, osakweza mawu. Anandiuzanso kuti Lolemba tcheyamani akupita ku msonkhano wa chipani ku boma.

"Dedza, ukudziwa chimene walemba? Walemba kuti mayi uyu ngwoukira. Anthu atengedwa pano pa zinthu zazing'ono kuposa izi, ndipo ena mpaka lero sitinawaone. Akabwera anyamata a chipani a malaya ofiira aja, sadzafunsa za apongozi yayi."

Ndinalira, ndinati ndithamange ndikapemphe pepalalo. Anakana. Anati ndikapita ndekha adzandiuza kuti lasowa, ndipo Lolemba lidzapezeka. Chinthu choonongeka pagulu chimakonzedwa pagulu, anatero, ndipo wokonza ndi yemwe anaononga. Anandichenjeza kuti ndikaimirira pamaso pa anthu n'kuvomera kuti ndinaitana msonkhano mosamvera, nkhaniyo ifika kukoleji ndipo mwina andilepheretsa. Anati ndisankhe ndekha. Ndinavomera. Ndikanakonda kunena kuti kunali kulimba mtima, koma zoona zake n'zakuti nkhope ya Mama inkaopsa kuposa koleji.

Loweruka tinayenda makomo atatu. Tinayambira kwa Tumpale, tinamupeza akusinja mpunga, bondo atamanga kansalu. Za pepalalo sankadziwa, ndipo Mama anandisiya kuti ndimuuze ndi pakamwa panga. Anaimika munsi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwalemba kuti ine nakana chitukuko? Chitsime chija amasesa ndani, mama? Sono ana angawa atsala ndi yani?"

Ndinagwada pomwepo, pa mankhusu. Kuchoka apo tinapita kwa a Mwakisulu, amene chichitikireni zija anali asanatuluke pakhomo chifukwa cha manyazi. Iwo ndi Mama analankhula Chinkhonde nthawi yaitali, ine nditakhala pamphasa ngati katundu. Pomaliza tinapita kwa tcheyamani. Kumeneko ndinaona zimene sindinkayembekeza: Mama, amene sankagonjera ngakhale mabwana a ku likulu, anagwada mpaka pansi. Anati mwana wawo walakwira mudzi, akufuna apepese mawa anthu akatuluka m'tchalitchi, ndipo palibe wina woyenera kutsogolera msonkhano wotere koma bambo wa mudzi wonse. Za pepala sanatchule n'komwe. Tcheyamani anafufuma ngati mkate, n'kuvomera.

Msonkhanowo unachitikira pakhomo pa a Mwakisulu, monga mmene ankachitira eni ake nthawi zonse. Abambo anakhala kutsogolo pansi pa mtengo wa mango, amayi kuseri pafupi ndi nthochi, nyumba ili pakati. Gogo uja, mlongo wawo wa a Mwakisulu, anakhala pangodya ya nyumba pamene mbali zonse ziwiri zinkamuona. Mama anandiimika pomwepo, pafupi ndi gogoyo, padzuwa la Karonga lija losaseka ndi munthu.

Ndinalankhula Chichewa, Mama akumasulira m'Chinkhonde. Ndikukhulupirira kuti ankathirako mchere, chifukwa anthu ankaseka pamene ine sindinanene choseketsa. Ndinavomera kuti ndinauzidwa kudikira koma sindinamvere, kuti sindinafunse aliyense, kuti ndinabisa dala zoti magulu onse abwera. Kenaka Mama anandipatsa lipoti lija kuti ndiwerenge chiganizo chija mokweza. Atachimasulira, kuseka konse kunatha. Kuseri kwa nyumba mayi wina anati "Yesu wane."

Apo Mama anatembenukira kwa tcheyamani, n'kunena kuti alankhula Chichewa kuti mwana wa ku Dedzayu amve bwino.

"A tcheyamani, inu ndinu tate wathu pano, ndipo muli ndi akamwana awiri pakhomo panu. Mwana uyu sadziwa kanthu, tatiphunzitsireniko. Mkamwana wanu atakhala m'chipinda, inu n'kutulukira pakhomo, achite wuli? Akhale pampando azikuyang'anani m'maso?"

Nkhalamba zonse za pansi pa mango zinatembenuka kumuyang'ana. Ena mwa iwo anali makolo a akamwana akewo. Tcheyamani anatsokomola, anakonza kolala, anayang'ana kumwamba ngati yankho lili m'masamba.

"Yayi," anatero. "Wamwambo amachoka."

"Ndagha. Nanga khomo mwaimapo inu, achokere poti?"

"Pawindo!" anakuwa mkulu wina kumbuyo, ndipo bwalo lonse linaphulika, abambo kutsogolo, amayi kuseri. Mama anadikira phokoso lithe.

"Mwamva nonse. A tcheyamani akuti Tumpale ngwamwambo. Sono tate, tibwerekeni kapepala kolakwika kaja, mwanayu akalembe zimene mwaweruza inuzi, dzina lanu likhale pamwamba."

Tcheyamani anayamba kupapasa m'matumba. Anati mwina analisiya kunyumba, mwina ana asewera nalo. Pamenepo a Mwakisulu, amene anali asanatsegule pakamwa chiyambire, analankhula osakweza mutu.

"Tidikira."

Palibe anasuntha. Tcheyamani anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, kufuna womuthandiza, osamupeza. Kenaka anatsegula buku la nyimbo limene anachoka nalo kutchalitchi, ndipo pepala lija linali pakati pake, lopindidwa kanayi. Mama analilandira ndi manja awiri atawerama, analiyang'ana kuti aone ngati ndi lomwelo, n'kulimanga pansonga ya chitenje mfundo ziwiri. Ine ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo. Gogo uja anandisisita pamsana akuseka. Kuseri amayi anayamba nthungululu, ndipo m'moyo wanga wonse sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Mama sanandilole kupuma nthawi yaitali. Anati poti anthu asonkhana kale, nkhani ya simenti ikambidwe, ndipo lero wonyamula mawu akhala Dedza, gogo azimuongolera. Ndinazungulira ngodya ya nyumba ija kosawerengeka, kutenga mawu a Mwakisulu kupita nawo kwa Tumpale, kutenga a Tumpale kubwera nawo kutsogolo. Anthu awiri amene ine ndinkati sagwirizana anamaliza zonse tsiku lomwelo: wotuta mchenga, wophwanya miyala, tsiku loyamba ntchito. Pamfundo imodzi Tumpale anawatsutsa apongozi ake kotheratu, ndipo nkhalambayo itamva inagwedeza mutu n'kunena kuti mkamwana wanena zoona.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Ndinkadikira chidzudzulo chachikulu. Titafika poti mudzi sukuonekanso, Mama anaima.

"Dedza, gwira ambulera iyi. Dzanja langa likunjenjemera."

Ndinayang'ana, ndipo linkanjenjemeradi, mpaka m'chigongono. Ndi pamene ndinazindikira kuti tsiku lonselo ankaopa ngati ine, mwinanso kuposa, poti iwo ankadziwa kuti tcheyamani akanaumitsa khosi, dzina lachiwiri papepala la ku boma likanakhala lawo.

Kulakwa kwanga Mama anakakunena okha kukoleji, osachotsako kanthu, ndipo ndinakhoza mokwawa, pansi pa anzanga onse. Sindinawakwiyire. Iwo sanakwezedwe pantchito mpaka kupuma. Kaya chinali chifukwa cha tsiku limenelo, kaya pakamwa pawo paja, sindikudziwa, ndipo nditawafunsa anandiuza kuti ndisiye miseche.

Nditamva za imfa yawo ndinakwera basi kupita ku Karonga. Ndinayamba ndafika ku Iponga, monga anatiphunzitsira kuti munthu uziyambira kumene uli ndi mangawa a moni. A Mwakisulu ndi tcheyamani uja anamwalira kalekale. Tumpale ndinamupeza ali gogo wonenepa, wosekaseka, ndipo anandizindikira ndisanadzitchule. Anati anatsogolera gulu la amayi zaka zina makumi awiri. Tinawalira Mama limodzi, kenaka tinaseka za windo lija mpaka misozi inanso. Ali mkati moseka anaitana mayi wina wamtali amene ankaanika mpunga pabwalo, n'kumuimika patsogolo panga.

"Uyu ndi Atupele, mwana wanga, pano ndi mphunzitsi. Mumuone bwino, mama. Tsiku ndinalumpha pawindo lija ndinali ndi mimba yake ya miyezi inayi. Palibe ankadziwa, ngakhale bambo ake. Mama Kayuni okha ndi amene ndinawauza."

Ndinamugwira mayiyo dzanja, ndipo ndinalephera kulisiya. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndikudziwa kukula kwa chimene ndinatsala pang'ono kuchita, koma ndinkadziwa theka lokha. Mama anandisungira theka linalo mpaka kulowa nalo m'manda, ndipo sanalitchule ngakhale tsiku limene anandikwiyira kwambiri.

Atupele ndi amene anandiperekeza ku Ngara mawa lake. Nyumba ya Mama ndi yaing'ono, ya njerwa zosapaka, malata ake adzimbiri. Tinapeza chitseko chomangidwa ndi waya, mbuzi ziwiri zitagona pakhonde. Mikoko ya nthochi inali itapsera pamtengo, mbalame zikudya. Pabwalo udzu unali utayamba kale, koma kanjira kochokera kumsewu kanali koyera mbee, kolimba ngati simenti, poti oyandikana nawo anatiuza kuti anthu a makomiti ankabwerabe ndi milandu yawo mpaka sabata yomaliza, Mama akuweruza ali chigonere. Tinaima pamapeto pa kanjirako. Ndinati "odi" mwachizolowezi, ndipo mbuzi imodzi inadzutsa mutu. Atupele, mwana amene akanabadwira kundende chifukwa cha ine, anapeza tsache kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusesa khonde. Ine ndinangoima pabwalo, chikwama chili m'manja, kudikira woti andiuze pokhala.